Rauta ya CNC yopanga nokha ikamayenda modukizadukiza

Vuto la kudukiza kwa rauta ya CNC, makina odula matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta, khutu limalimva maso asanalione. Kulira kwa mota kumadukaduka, gantry (mlatho woyenda wonyamula chodulira) imaima kaye pang'ono n'kudumpha, ndipo mukachotsa thabwa mupeza m'mbali mwake muli timizere, zozungulira sizikutsekera pomwe zinayambira, zilembo za pa chikwangwani zapendekeka. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuitanitsa mota zazikulu, ena amakhala pansi n'kusintha manambala onse a GRBL, pulogalamu ya mu bodi yoyendetsa makina, tsiku limodzi. Kuno ku Lusaka zipangizo zambiri za CNC zimachita kuitanitsidwa ku China kapena ku South Africa n'kudikira milungu, ndiye kugula chinthu mongoganizira n'kutaya ndalama ndi nthawi yomwe. Kudukiza kulikonse kuli ndi nthawi yake yobwerera, ndipo nthawiyo ndi imene imaloza pomwe pali vuto. Musamasule bawuti ngakhale imodzi musanaipeze.

Onani kaye kuti kukubwera liti

Zimitsani spindle (mota yozunguza biti yodulira), chotsani biti, kwezani Z m'mwamba. Mu sender, pulogalamu yotumiza malamulo ku makina monga Universal Gcode Sender, Candle kapena bCNC, yendetsani axis imodzi yokha (X, Y kapena Z). Lembani G91 G1 X300 F300, kutanthauza 300 mm pa X pa liwiro (F) la 300 mm pa mphindi, kenaka mubwerere ndi X-300. Bwerezani pa F1000, kenakonso pa liwiro lomwe mumadulira. Choko chikhale m'manja, muzilemba pa fulemu paliponse pomwe makina adukiza.

Timizere ta chokoto tikamagwera malo amodzimodzi ulendo uliwonse, vuto lili pa njanji kapena pa fulemu pamalo pomwepo. Tikatalikirana mofanana, tengani tepi muyeze, chifukwa mtundawo umaulula chitsulo cholakwa. Mano a lamba wa GT2 amatalikirana 2 mm, choncho pulley ya mano 20 ikazungulira kamodzi imayendetsa 40 mm. Kudukiza kobwera pa 40 mm iliyonse n'kwa pulley kapena shafti ya mota. Kwa pa 8 mm iliyonse n'kwa lead screw ya T8 ija yoyenda 8 mm pozungulira, kwa pa 5 mm n'kwa ball screw ya SFU1605. Kukamabwera pafupifupi pa 75 mm iliyonse, yang'anani mawilo a V-slot: wilo la 24 mm limayenda mtunda umenewo likazungulira kamodzi, ndipo limodzi mwa iwo laphwa mbali kapena lamatidwa utuchi.

Kudukiza kobwera pa liwiro lalikulu pokha kumaloza ku mphamvu ya mota kapena ku manambala a GRBL. Koyamba makina atagwira ntchito mphindi 15 kapena 20 n'kwa kutentha. Kongobwera spindle ikayaka n'kwa phokoso la magetsi m'mawaya. Ndipo ngati mizere yowongoka ikuyenda bwinobwino koma pokhota ndi pomwe pakuvuta, zitsulo zisiyeni, pitani ku fayilo ya malamulo odulira.

Mukadziwa axis yovuta, igaweni pawiri. Masulani coupler (cholumikiza shafti ya mota ndi sikuluwu) kapena vulani lamba kuti mota itsale yokha, matani katepi pa shafti kuti muziona bwino kuzungulira kwake, n'kutumizanso lamulo lija. Mota ikamadukizabe ili yokha, vuto ndi la magetsi. Ikazungulira mosalala, vuto ndi la zitsulo, kapena mota ikuchepa mphamvu ikapatsidwa katundu. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi khumi, koma ndi komwe anthu amakudumpha kwambiri.

Zitsulo

Mota ili yomasula choncho, kankhani gantry ndi dzanja kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena, kapena zungulizani sikuluwu ndi zala. Kulemera kwake kukhale kofanana njira yonse. Pomwe dzanja lamva kulimba, mota nayonso imamva pomwepo.

Choyamba kuyang'ana ndi kasikuluwu kakang'ono kogwira pulley kapena coupler pa shafti. Kakamasuka, shafti imayamba yazungulira yokha pang'ono isanakoke pulley, ndiye makina amagunda nthawi iliyonse akamabwerera m'mbuyo. Jambulani kamzere ndi maka kodutsa pa shafti ndi pa pulley, yendetsani makina mphindi zingapo, muone ngati mizere iwiriyo yasemphana. Pomanga, kasikuluwu kamodzi kagwere pa mbali yophwatalala ya shafti, ndipo mudontheze Loctite ya buluu. Yofiira ayi, mudzalephera kumasula.

Mafulemu ambiri opangidwa kuno ndi a square tube yowotcherera, ntchito yomwe anyamata a ku Kalingalinga ndi ku Garden amaidziwa bwino. Koma chitsulo chikawotcheredwa chimakoka. Kupindika kwa 1 mm pa geti palibe amene angakuone, pomwe pa njanji ziwiri za SBR16 kapena SBR20 kumakwanira kumanga maberingi. Njira yake ndi iyi: mangitsani njanji imodzi mowongoka, ikhale poyambira. Inayo masulani mabawuti ake onse kuti izigwedera pang'ono. Kankhani gantry kumapeto, mangani bawuti ya pomwepo, sunthani gantry pang'ono, mangani yotsatira, mpaka mufike kumapeto ena. Apa gantry ndi imene ikuikira njanji malo. Pomwe patsala mpata pansi pa njanji, lowetsani kachidutswa ka chitini cha chakumwa, komwe kamakhala pafupifupi 0.1 mm. Musakokere njanji pansi ndi bawuti kuti mpatawo utsekeke.

Nati ya lead screw imafuna zomwezo. Makina akamalimba poyandikira kumapeto koma pakati akuyenda bwino, nati ndi beringi ya kumapeto sizili pa mzere umodzi. Masulani mabawuti a nati, fikitsani gantry pafupi ndi mota, mangani ili pomwepo. Pitani kumapeto enawo, masulani beringi ya kumeneko, isiyeni ipeze malo ake, kenaka mangani. Sikuluwu yomwe mukuikayikira, igubuduzeni pa galasi. Ikakhala yopindika muona ikudzuka ndi kugona. Sikuluwu yopyapyala ya 8 mm ikatalika kufika mita imodzi imayamba kukwapula ikazungulira mwachangu, ndipo apa palibe chomanga chomwe chingathandize kupatula kuchepetsa liwiro kapena kuika yonenepa.

Mawilo a V-slot anthu amawamanga mopitirira poopa kugwedera. Tembenuzani eccentric nut, nati yosendeza wilo ku njanji, mpaka wilo ligwire njanji, koma muzitha kulizunguliza ndi zala ziwiri movutikira pang'ono gantry itaima. Likamangika kuposa apo, makina akagona usiku umodzi wilo limaphwa pomwe linatsamira.

Lamba akhale wokoka moti mukamudina ndi chala alire pang'ono, osati wolendewera, osatinso wouma gwa, chifukwa wotere amapha maberingi a mota. Onaninso m'mano mwa pulley ngati mwadzaza utuchi.

Za mafuta: kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi la mu Lusaka limalowa paliponse, ndipo likakumana ndi utuchi wa supawood (MDF) pamwamba pa girisi limapanga phala louma lomwe limagwira nati n'kuimasula, kuigwira n'kuimasula. Pa liwiro lochepa zimenezi zimaoneka ngati vuto la mota. Tsukani sikuluwu ndi burashi ya mano yakale ndi parafini, pukutani, ndipo pa lead screw yosavindikira thirani mafuta ouma a PTFE. Ball screw ndi maberingi a pa njanji zimafuna girisi wa lithium wa NLGI 2, wolowetsa mkati, wotsala kunja n'kupukuta. WD-40 ndi yotsukira, siikhalitsa.

Pa makina a mota ziwiri pa Y pali msampha wina. Mbali imodzi ikataya masitepe, timayendedwe ting'onoting'ono tomwe mota imazungulira nato, gantry imapendekeka n'kumanga maberingi, kenaka mbali inayo nayonso imayamba kutaya. Onetsetsani kuti madriver onse awiri, tizipangizo topatsa mota magetsi, ali pa karenti yofanana komanso microstep (kagawidwe ka sitepe) yofanana. Pa CNC Shield, bodi yolowetsapo madriver, ka jumper kamodzi kakasowa pansi pa driver mmodzi, mbali imeneyo imayenda mtunda wosiyana ndi inzake.

Mota, driver ndi karenti

Mota ikamangonjenjemera pamalo amodzi, kapena ikamapita uku ndi uku osasankha, nthawi zambiri ndi mawaya. Stepper ya mawaya anayi ili ndi makoilo awiri. Zimitsani magetsi, zulani mota, yezani ndi multimeter pa ohm: mawaya awiri a koilo imodzi amaonetsa nambala yochepa, kawirikawiri pakati pa 1 ndi 3 ohm, pomwe a makoilo osiyana saonetsa kanthu. Awiri oyambawo apite ku A+ ndi A-, enawo ku B+ ndi B-. Mitundu ya mawaya musaikhulupirire, opanga amasiyana. Ndipo musazule kapena kulumikiza mota driver ali ndi magetsi. Driver amapsa nthawi yomweyo.

Waya woduka mkati mwa chikopa chake ndi wovuta kumugwira. Amakhala pomwe chingwe chimapindika makina akamayenda, ndipo amalumikiza n'kusiya malinga ndi pomwe gantry yafika, moti mutha kunamizira njanji. Mota ili kuzungulira yokha, gwedezani chingwe chake pang'onopang'ono kuyambira ku mota mpaka ku bokosi. Waya wa nyumba wa chitsulo chimodzi sayenera pa makina oyenda; ikani wa tingwe tambiri.

Njira yachangu yosiyanitsira driver ndi mota n'kusinthanitsa. Magetsi atazima, ikani mota ya X pa driver wa Y. Motayo ikayenda bwino, wolakwa ndi driver wa X; ikamadukizabe, ndi mota kapena chingwe chake.

Karenti ikachepa, mota imataya masitepe ikangomva katundu. Ikachuluka, driver amatentha n'kudzizimitsa kamphindi kuti azizire, kenaka n'kuyakanso, ndipo ndiko kudukiza kuja koyamba ntchito ili pakati. Pa driver wa A4988 karenti imaikidwa ndi kasikuluwu ka pamwamba, poyeza mavolti otchedwa Vref pakati pa kasikuluwuko ndi GND. Werengani kaye zomwe zalembedwa pa tima resistor tiwiri tating'ono ta pa driver. Ngati ndi R100, Vref ndi karenti kuchulukitsa ndi 0.8, ngati ndi R050, kuchulukitsa ndi 0.4. Mota ya 1.5 A yambani nayo pa 1.2 A, kutanthauza 0.96 V pa R100 kapena 0.48 V pa R050. Pa DRV8825 ya R100, Vref ndi theka la karenti, ndiye 0.6 V. A4988 ikapitirira 1 A imafuna heatsink ndi fani yopemerera pomwepo, makamaka mu Okutobala m'shedi ya malata. Mota ya NEMA 23 ya 2.8 A pa A4988 ndi kuzunza zonse ziwiri. Imeneyo imafuna driver wa TB6600, kapena bwino koposa DM542, yomwe imayendetsa mota mosalala kwambiri pa liwiro lochepa. Tima switch ta pa madriver amenewa tisintheni magetsi atazima. Mota yofunda moti dzanja silikhalitsapo, pa 60 °C kapena 70 °C, ilibe vuto. Ikadutsa 80 °C tsitsani karenti.

Stepper imachepa mphamvu liwiro likamakwera, ndipo chomwe chimaichirikiza ndi mavolti. Makina omwe pa 12 V akulira n'kuima pa F1500 nthawi zambiri amadutsa pamenepo mosavuta pa 24 V, ndipo NEMA 23 pa DM542 imakondwa ndi 36 V. A4988 malire ake ndi 35 V, musaiyandikize pamenepo. Yezani mavolti pa driver penipeni ma axis onse akuyenda. 24 V ikamagwa kufika 22 V kapena kutsika apo, power supply yachepa kapena mawaya ake ndi opyapyala.

Palinso liwiro lina lochepa lomwe mota imabangula n'kugwedeza makina onse, koma mukakweza kapena kutsitsa pang'ono zimatha. Zimachitika kwambiri pa full step ndi half step. Ikani microstep pa 1/8 kapena 1/16.

Manambala a GRBL

Mu sender lembani $$, lamulo loonetsa manambala onse a GRBL, n'kusunga zomwe zatuluka mu fayilo musanasinthe kanthu.

Arduino Uno yokhala ndi GRBL imatha kutulutsa masitepe pafupifupi 30,000 pa sekondi, ndipo malire amenewa ndi omwe amagwira anthu omanga ndi ndodo ya mazinga ya ku hardware. Mota ya 1.8° ili ndi masitepe 200 pozungulira kamodzi. Pa lamba wa GT2 ndi pulley ya mano 20 pa 1/16, $100 (masitepe pa milimita a X) ndi 80, ndipo malire aja simungawafike. Pa T8 ya 8 mm ndi 400, malire ake 4,500 mm pa mphindi. Koma ndodo ya M8 imayenda 1.25 mm yokha pozungulira, ndiye pa 1/16 pamafunika masitepe 2,560 pa milimita, ndipo bodi imathera pa 700 mm pa mphindi. Mukaika $110 (malire a liwiro la X) pa 1500, makina adzaduladula ngakhale zonse zili bwino. Tsitsani microstep kufika 1/4, $100 ikhale 640. Simutaya kanthu, pakuti mazinga ang'onoang'onowo akupatsani kale kulondola kokwanira.

$120, $121 ndi $122 zimalamula changu chonyamukira ndi kuimira. Zikakwera kwambiri, mota imalira n'kuima poyamba penipeni. Zikachepa, makina amazengereza pa ngodya iliyonse. GRBL yatsopano imabwera ndi 10 pamenepa, yomwe ndi yochepa kwambiri pa rauta, ndipo anthu ena amakhala nayo osadziwa. Konzani axis imodzi payokha: siyani $120 pa 50, kwezani $110 pang'onopang'ono mpaka mota iime, bwererani ndi 30 peresenti. Kenaka chitani zomwezo ndi $120. Gantry yolemera ya chitsulo ingathere pakati pa 50 ndi 150, yopepuka ya aluminiyamu pa lamba ingafike 300 kapena kupitirira. Ikaninso $1=255 kuti mota zisamasiye kugwira makina akaima kamphindi, makamaka ngati Z imatsika yokha.

Fayilo ikakhala ndiyo vuto

Zilembo zokongoletsa ndi zithunzi zochokera ku pulogalamu yojambulira nthawi zambiri zimatuluka ngati timizere towongoka ta G1 tambirimbiri m'malo mwa mizere yokhota (ma arc) ya G2 ndi G3. Tsegulani fayilo mu Notepad. Mukaona mizere masauzande yosiyana ndi 0.01 kapena 0.02 mm, mwapeza. GRBL pa Uno imaona patsogolo mizere 15 kapena 16 yokha, ndipo imayenda pa liwiro loti ithe kuima pakutha pa zomwe ikuonazo. Timizere ta 0.02 mm tikakhala 16 ndi 0.32 mm basi, ndipo $120 ikakhala 100 makina sangadutse 480 mm pa mphindi, ngakhale fayilo ikunena F2000. Akafika pa mzere wautali amathamanga, akalowa pokhota amagwa, ngati minibasi ya ku Chawama yoima pa siteshoni iliyonse. Chingwe cha USB nacho pa 115200 baud chimanyamula zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi, ndiye fayilo yotere imachitopetsa.

Konzani ku CAM, pulogalamu yomwe imapanga fayiloyo. Mu Fusion 360 ikani Tolerance pa 0.02 mpaka 0.05 mm pa ntchito ya matabwa, ndipo yatsani Smoothing. Mu VCarve kapena Aspire sankhani post processor yotulutsa ma arc, ndipo zojambula za mfundo zambiri zidutsitseni mu Fit Curves to Vectors. Thabwa silingakuonetseni kusiyana kwa 0.03 mm. Mukatero mutha kuyesanso kukweza $11, nambala yolamula liwiro la pokhota, kuchoka pa 0.010 kufika 0.020 kuti makina asamatsike kwambiri pa ngodya.

Kwa oyendetsa makina ndi Mach3 kapena LinuxCNC m'malo mwa GRBL, yang'anani ngati fayilo ili ndi G61, yomwe imachedwetsa kapena kuimitsa makina pakutha pa mzere. Ikani G64, kapena G64 P0.05 pa LinuxCNC. Mach3 ya pa parallel port imafuna kompyuta ya desktop ya Windows ya 32-bit, ndipo chingwe cha pulinta chosandutsa USB kukhala parallel sichigwira ntchito imeneyi. Pa laputopu yotumiza ku GRBL, zimitsani USB selective suspend, iikeni pa chaja, ndipo ngati ndi yakale tsekani chithunzi cha 3D cha mu sender.

Spindle ikayaka

Spindle ya VFD (bokosi lolamula liwiro lake), ngakhalenso rauta ya m'manja ya mabulashi otha, imamwaza phokoso la magetsi lomwe limalowa m'mawaya a STEP ndi DIR, m'ma limit switch ndi mu USB. Zizindikiro zake ndi masitepe ongobwera okha, ALARM:1 (chenjezo loti limit switch yagundidwa) makina ali pakati pa tebulo, kapena sender kuduka. Kuti mutsimikize, yendetsani fayilo m'mwamba spindle itazima, kenaka ili yoyaka.

Chingwe cha spindle chikhale cha shield, shieldyo ilumikizidwe ku earth. Chitalikirane ndi mawaya a signal ndi 10 cm kapena kuposa, ndipo pomwe ziyenera kukumana zidutsane mopingasa. USB isapitirire 2 m, ikhale ya ferrite. Fulemu, bokosi la magetsi, VFD ndi power supply zonse zikumane pa bawuti imodzi ya earth. M'mashedi ambiri soketi ili ndi mabowo atatu koma waya wa earth mulibe, choncho itanani wa magetsi ayeze. Musagwire mkati mwa VFD mutangozimitsa. Dikirani mphindi 10 kuti ma capacitor atsitse. Nyengo youma paipi ya pulasitiki yokokera utuchi imasonkhanitsa magetsi omwe amathetheka n'kuzimitsa Arduino, ndiye dutsitsani waya wa kopa wosavala m'paipimo mpaka ku earth.

Malaiti akapita n'kuyatsa jenereta yaing'ono, makina owotcherera kapena kompresa zisakhale pa jenereta imodzi ndi rauta, popeza zikamayaka mavolti amagwa n'kudzidzimutsa madriver. Malaiti akabwera, dikirani mphindi zingapo musanayatse bokosi.

Biti ikalowa m'thabwa

Ngati zonse zikuyenda bwino m'mwamba koma makina akudukiza podula, katundu wachuluka. Mukwa wa ku Buseko si paini. Biti ya 6 mm pa makina opepuka iyambe ndi kuya kwa 1.5 mpaka 2 mm pa mukwa, ndi 3 mm pa paini kapena supawood. Liwiro liwerengeni chonchi: kuzungulira kwa spindle, kuchulukitsa ndi mano a biti, kuchulukitsa ndi kukula kwa chomwe dzino limodzi likudula. Pa 18,000 rpm, mano 2 ndi 0.05 mm, mupeza F1800. Makina akalephera liwiro limenelo, chepetsani kuya kapena tsitsani rpm, osangochepetsa F, chifukwa biti yoyenda pang'onopang'ono imapekesa, imatentha n'kubuntha. Zotuluka zikhale tizibenthu, osati ufa, ndipo m'mbali mwa thabwa musade. Biti ituluke mu collet, chogwirira chake, utali wongokwanira ntchitoyo, ndipo polowa m'thabwa izilowa mopendekeka ndi ramp m'malo moboola molunjika.

Mukasintha chinthu chimodzi, yesani musanakhudze china. Ikani V-bit, boolani kadontho pa thabwa, ikani ziro pomwepo. Yendetsani ndi G0, lamulo lothamanga, kupita ndi kubwera maulendo 20 pa X ndi Y pamodzi, bwererani ku X0 Y0, tsitsani biti. Nsonga igwere m'kadontho komweko. Ngati muli ndi dial indicator, kusiyana kusapitirire 0.05 mm. Bwerezani spindle ili yoyaka, kenakonso makina atatentha kwa theka la ola. Zikadutsa zonse zitatu, lembani $$ kachiwiri, sungani fayilo, ndipo Vref kapena malo a ma switch a driver aliyense muwalembe ndi maka mkati mwa chitseko cha bokosi.